Ndasamutsidwira ku Lilongwe: ndichite lendi dera liti losagona msanga koma loyandikira City Centre?

Wochokera ku Chitawira:

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka kwa inu amene mwakhalitsa mumzinda wa Lilongwe. Mabwana anga andiuza kuti kuyambira mwezi wamawa ndizikagwirira ntchito ku ofesi yathu ya ku City Centre, ndipo masabata amene ndili nawo kuti ndipeze nyumba ndi atatu okha. Ndine mayi, ndilibe galimoto, ndipo ndimakhala ndi mng'ono wanga amene walemba kumene mayeso a Fomu 4, choncho ndikufuna nyumba ya zipinda ziwiri zogona, yokhala ndi mita yakeyake ya magetsi ngati n'kotheka.

Ku Blantyre ndakhala ku Chitawira zaka zisanu ndi ziwiri. Kumeneko ndinazolowera kupita kuntchito ku Ginnery Corner wapansi, kugula ndiwo panjira ndikamaweruka, ndiponso kumva mawu a anthu mumsewu ngakhale nthawi itapitirira 8 koloko usiku. Sabata yatha ndinabwera kudzaonekera ku ofesi yatsopanoyo, ndipo ndinagona kwa mnzanga ku Area 12. Nyumba za kumeneko n'zokongola, mitengo ili ponseponse, koma dzuwa litangolowa kunangoti zii, kumangomveka agalu a kuseri kwa mipanda, moti tomato atatithera tinachita kuimbira wa kabaza kuti akatigulire. Ku City Centre nakonso ndinadabwa kuona kuti anthu akangoweruka kumatsala alonda okhaokha.

Manambala a madera nawonso andizunguza mutu, chifukwa ine ndimayesa kuti Area 23 ndi Area 25 n'zoyandikana, koma ndauzidwa kuti ina ili chakummwera ndipo inayo ili kumpoto kwenikweni. Funso langa ndi ili: ndi dera liti limene lili ndi msika, anthu oyendayenda ndi moyo wake madzulo, koma loti munthu wopanda galimoto n'kufika ku City Centre isanakwane 7:30 m'mawa, osathera malipiro ake onse m'minibasi? Mundilangizenso za madobadoba, chifukwa atatu anditumizira kale zithunzi za nyumba pa WhatsApp ndipo aliyense akufuna ndiyambe ndamutumizira ndalama yoonera.

Mkulu wa ku 18B:

Takulandirani ku likulu, mayi, ndipo mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Ine ndinalowa mumzinda uno ndili kalaliki wa m'boma ndipo ndapumira pantchito ndili m'nyumba yomweyi, choncho mundikhululukire ngati ndikokera kwathu.

Manambalawo asakuvutitseni. Sanaperekedwe potsatira kuyandikana kwa malo, koma potsatira momwe maderawo ankakhazikitsidwira, n'chifukwa chake Area 18 ili pafupi ndi Area 47 ndi Area 49 pomwe Area 22 ili kutsidya lina la mzinda. Kuzizira kumene munakuona ku City Centre nakonso anachita kukonza dala. Pamene likulu la dziko linkasamuka ku Zomba kubwera kuno, zimene zinatheka mu 1975, ojambula mapulani anaika maofesi paokha, mafakitale paokha ku Kanengo, nyumba zogona pazokha, ndipo pakati pake anasiya nkhalango ndi madambo. Malonda ndi phokoso zinatsalira ku tauni yakale, kumene kuli msika waukulu, depoti ya basi ndi msewu wa Malangalanga. Ine ndimati anthu amenewo ankajambulira mzinda wa eni magalimoto, n'kuiwala kuti makalaliki ambirife tidzayenda ndi miyendo. Madera amene agundizana ndi maofesiwo, monga Area 10, 11 ndi 12, ndi a mabwana ndi akazembe, ndipo kumeneko simudzapezako zimene munasiya ku Chitawira ngakhale mutakwanitsa lendi yake.

Dera limene lili pakatikati pa zofuna zanu ziwirizo ndi Area 18. Nyumba zambiri za kuno zinamangidwa kuti muzikhala ogwira ntchito m'boma, ndipo n'chifukwa chake zili pamtunda woyendeka kuchokera ku Capital Hill. Ine ndinayenda njira imeneyi zaka zambirimbiri. Ndikanyamuka 6:45, ndinkadutsa chakufupi ndi chipilala chokumbukira asilikali, n'kufika pa ofesi nthawi isanakwane, ndipo m'chikwama munkakhala kansalu kopukutira nsapato chifukwa fumbi la mwezi wa October silisankha munthu. Inu amene mukupita ku City Centre muonjezerapo mtunda pang'ono, koma ndi woti tsiku limene mafuta asowa kapena minibasi zavuta mudzafikabe kuntchito. Tili ndi msika wathu, chipatala chaching'ono cha boma, polisi ya Lingadzi, matchalitchi ndi masukulu, ndipo pamphambano pamene kale panali raundabauti, pamene tsopano misewu inakwerana, pamadutsa msewu wa M1, moti minibasi zopita ku tauni, ku Kanengo ndi ku Area 25 mudzazipeza pomwepo.

Zoipa zake sindikubisirani. Nyumba zathu n'zakale, zipinda zake n'zazing'ono, ndipo mapaipi ena anakalamba limodzi ndi ife. Eni nyumba ambiri anamanga tinyumba tina kuseri kuti azichititsa lendi, ndipo kumeneko ndiye kumene mita ya magetsi ndi ya madzi imakhala yogawana, ndiye mudzafunse musanalowe kuti mayunitsi amagula ndani ndiponso bilu ya madzi imagawidwa bwanji. Vuto lalikulu n'lakuti nyumba ya ku 18 sichedwa kulowedwa. Ikangotsala pang'ono kutulukidwa, mbiri yake imayenda pakamwa pa anansi ndi m'makwaya a kutchalitchi, osati pa intaneti. Mukafunse amesenjala ndi madalaivala a ku ofesi kwanu, chifukwa amenewo amadziwa nyumba iliyonse imene mwini wake wasamutsidwira ku Mzuzu.

Mnyamata wa ku Area 47, Sekita 3:

Ndi ulemu wonse kwa akulu a ku 18B, ine ndisiyana nawo pang'ono. Zonse zimene anena za mtunda n'zoona, koma achemwali athuwa afunsa za dera losagona msanga, ndipo Area 18 imene ndikuidziwa ine ikamakwana 8 koloko ambiri amakhala atatseka mageti. Ngati mukufuna kumene mzinda uno umachezera, ndi Area 47. Kuno kuli Gateway Mall mumsewu wopita ku Mchinji, kuli bwalo la Silver, ndipo bwalo la Bingu, limene linatsekulidwa mu 2017, lili chapafupi pomwepa, moti tsiku la mpira waukulu msewu wonse umadzaza ndi ogulitsa mbendera, chimanga chootcha ndi mavuvuzela. Kulinso Bwandilo, kumene utsi wa kanyenya umayamba kukwera dzuwa lisanalowe ndipo achiwaya sazimitsa moto mpaka usiku kwambiri.

Komabe ndikuchenjezeni ndi zimene zinandionekera ine mwini, pakuti chakomachakoma pusi anagwa chagada. Nyumba yanga yoyamba ndinakaiona Lachiwiri cham'ma 10 koloko m'mawa. Kunali bata, nkhuku zikupalasa pabwalo, mayi wina akuyanika zovala, ndipo ndinasangalala kuti malo ochezera ali pamtunda woyenda mphindi zitatu zokha. Ndinalipira miyezi itatu pamodzi monga momwe alandilodi ambiri kuno amafunira. Lachisanu loyamba magalasi a mawindo anayamba kunjenjemera cham'ma 9 koloko usiku ndipo sanaleke mpaka atambala atalira, ndipo m'mawa ndinapeza galimoto ya munthu wosamudziwa itatseka geti, mwini wake ali mtulo m'katimo, nsapato imodzi ili panja. Miyezi itatu imeneyo ndinaiwerenga tsiku ndi tsiku. Tsopano ndimakhala m'dera lomweli koma chakum'kati, kumene ndikafuna chisangalalo ndimachilondola ndekha, osati icho kundilondola kuchipinda. Poti muli ndi mtsikana amene wangomaliza sukulu ndipo azitsala yekha pakhomo masana, mfundo imeneyi muiganizire kawiri. Nyumba iliyonse imene mwaikonda mukaionenso Lachisanu usiku musanapereke kanthu.

Chovuta china cha Area 47 ndi mtengo. Nyumba zambiri zazikulu zinasandutsidwa maofesi a mabungwe ndi malo ogona alendo, ndipo zimenezi zinakokera lendi m'mwamba, moti munthu wa malipiro apakati amangopezako kanyumba ka kuseri. Anzanga ambiri amene analephera kuno anapita ku Area 49, makamaka ku Gulliver, kumene nyumba n'zatsopanoko, mashopu ndi misika ing'onoing'ono zilipo, ndipo msewu wa mbali ziwiri wochokera kumeneko kudzera ku Area 18 mpaka pa raundabauti ya Nyumba ya Malamulo unafupikitsa ulendo wopita ku City Centre. Mungosamala ndi nyumba za kumunsi, kufupi ndi mtsinje wa Lingadzi. Mtsinje umenewu m'chilimwe umaoneka wofatsa, koma mu 2017 unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo. Mukafika panyumba yotero, musayang'ane utoto wa pabalaza wokha. Muzungulire kuseri, muone ngati khoma lili ndi mzere wa matope m'munsi, ndipo mufunse anansi kuti madzi amafika pati mu January ndi February.

Mayi wa ku Nsungwi:

Achemwali, ine ndimakhala ku Area 25 ndipo ndimagwira ntchito chakufupi ndi kumene mukupitako, choncho ndilankhula ngati munthu amene amayenda ulendo umenewu tsiku lililonse. Mukafunsa kuti kuli moyo n'kuti, ndiyankha mosakayika kuti kwathu kuno. Pa Nsungwi palibe chimene mungachisowe, kuyambira usipa, bonongwe, makala, kaunjika mpaka wokonza foni, ndipo madzulo anthu amachita kupanikizana. Lendi nayo ndi yofewerapo poyerekeza ndi ku 47 ndi ku 18, moti ndalama yomwe kumeneko ingakupezereni kanyumba ka kuseri kuno ingathe kukupezerani nyumba yoima payokha. Ngakhale zili choncho, inuyo sindikulangizani kubwera kuno, ndipo chifukwa chake ndi masamu.

Tengani pepala muwerengetsere. Mwezi uli ndi masiku ogwira ntchito pafupifupi 22. Ngati dera limene mwasankha likufuna kuti mukwere kawiri popita ndi kawiri pobwera, ndiye kuti pamwezi mukwera ka 88, osawerengera za kutchalitchi ndi za mng'ono wanu. Mtengo wa ulendo umodzi muuchulukitse ndi nambala imeneyo, muphatikize pa lendi, ndipo mudzaona kuti nyumba yotchipa ya kutali nthawi zina imaposa yodula ya pafupi. Minibasi zambiri za mumzinda uno zimalunjika ku depoti ya ku tauni, osati ku City Centre, ndiye ife a kumpoto timatsika ku Area 18 n'kukwera china, kaya ndi Sienta, kaya njinga yamoto ya kabaza. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya minibasi ndi lendi zinakwera pamodzi, koma lendi imakwera kamodzi mwakanthawi pomwe kondakitala amatha kukweza mtengo tsiku lomwelo mvula ikangogwa kapena mizere ikayamba m'malo omwetsera mafuta. Palinso nthawi. Nyengo yogulitsa fodya ikafika, kuyambira cham'ma April, malole opita ku okushoni ku Kanengo amachuluka mumsewu, ndipo ine ndikachedwa kutuluka m'nyumba ndi mphindi khumi zokha ndimakafika kuntchito mochedwa ndi theka la ola. Moyo wa pa Nsungwi umene ndikuutamawu ndimaudyerera Loweruka lokha, chifukwa m'kati mwa sabata ndimachoka kusanache bwino n'kubwera kutada.

Za madobadoba ndilankhule mosapsatira. Alipo okhulupirika, ndipo nyumba imene ndilimo anandipezera ndi mmodzi wa iwo, koma musatumize ndalama pafoni kwa munthu amene simunaonane naye maso ndi maso. Ine nditangofika mumzinda uno wina ananditumizira zithunzi za nyumba ya matailosi, n'kundiuza kuti pali anthu awiri amene akuilimbirana, ndiye nditumize msanga yoonera ndi yogwirira malo. Ndinatumiza. Tsiku lokaona anandiimitsa pa siteji maola awiri, foni yake ikuitana osayankhidwa, kenako inazimiratu. Patapita sabata ndinaziona zithunzi zomwezo m'gulu lina, nyumbayo akuti ili ku Area 36. Yoonera muzipereka mutaima pakhomo pa nyumbayo, ndipo lendi muzipereka kwa mwini nyumba yekha, anansi atakutsimikizirani kuti ndi iyeyodi. Mulembe mgwirizano ngakhale wa tsamba limodzi, wonena mtengo, tsiku lolipira, nthawi ya notisi, ndiponso amene adzakonze chikaonongeka. Musaiwale kutsekula mpopi uliwonse ndi kufunsa woyandikana naye, osati landilodi, kuti madzi amatuluka nthawi yanji, chifukwa madera ena a kumtunda amawaona usiku wokha m'miyezi yotentha, ndipo mgolo waukulu wapulasitiki ukakhala pakhonde la nyumba iliyonse mumzerewo, yankho mwalipeza kale.

Mbadwa ya ku Kawale:

Ndikudabwa kuti nonse mukuyang'ana kumpoto ndi kumadzulo ngati kuti kutsidya kuno kwa mtsinje wa Lilongwe kulibe anthu. Mayi amene wakhala ku Chitawira, n'kumagula ndiwo panjira ndi kupereka moni kwa anansi, adzamva ngati wafika kwawo ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chilinde, chifukwa madera amenewa ndi akale, anthu amadziwana, ndipo msika uli pakhomo. Ambiri sadziwa kuti kuchokera ku Kawale pali msewu wowoloka mtsinje n'kukatulukira ku City Centre osadzera m'chipwirikiti cha ku depoti, ndipo anthu ochuluka amene amasesa, kulondera ndi kulemba m'maofesi amenewo amachokera kuno. Chimene muyenera kuvomera n'chakuti nyumba n'zothithikana, misewu ya m'kati ina ndi yafumbi ndipo m'dzinja imasanduka matope, komanso pali tinjira tina timene munthu wamayi sayenera kuyendamo yekha kukada atanyamula chikwama cha laputopu. Nyumba ya mumpanda yoyang'ana msewu waukulu ikapezeka, musainyoze chifukwa cha dzina la dera.

Wochokera ku Chitawira:

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza kuposa momwe ndimayembekezera. Ndinatsatira malangizo anu ndipo ndinabweranso ku Lilongwe Lachinayi, n'kukhala mpaka Loweruka. Dalaivala wa ku ofesi kwathu, monga ananenera akulu a ku 18B, anandilozera nyumba ziwiri popanda kundilipiritsa kanthu. Yoyamba ili ku 18A, kuseri kwa nyumba yaikulu imene mumakhala mayi wamasiye ndi zidzukulu zake. Ili ndi zipinda ziwiri, mita ya magetsi ndi yakeyake, koma ya madzi ndi yogawana, ndipo khitchini ndi yaing'ono moti anthu awiri sangaimemo nthawi imodzi. Yachiwiri ili ku Gulliver, ndi yatsopano, yotakasuka, ili pamalo okwera kutali ndi mtsinje, ndipo lendi yake ndi yotsikirapo pang'ono.

Lachisanu m'mawa ndinayenda wapansi kuchokera ku 18A mpaka ku ofesi ndipo zinanditengera mphindi 45, zimene sizinandilemetse, ngakhale ndikudziwa kuti mvula ikayamba nkhani idzasintha. Madzulo ake ndinapita kukaona madera onse awiri kutada. Ku Gulliver kunali anthu ambiri m'mashopu ndi pa chiwaya, pomwe ku 18A ndinapeza ana akusewera mpira pansi pa getsi la pakhonde, amayi awiri akugulitsa mandasi pageti, ndi kwaya ikuphunzira nyimbo m'nyumba ina, ndipo cham'ma 8:30 zonsezo zinali zitatha. Nditawerengetsera monga anandiphunzitsira mayi a ku Nsungwi, kusiyana kwa lendi kukuthera m'mayendedwe, ndiye mtima wanga wapendekera ku 18A, ngakhale mng'ono wanga akulirira ku Gulliver. Ku Kawale sindinathe kufikako chifukwa nthawi inachepa, koma ndasunga malangizowo. Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi kukhala mumpanda umodzi ndi mwini nyumba, chifukwa sindinayambe ndakhalapo motero. Iwo akufuna miyezi itatu pamodzi ndipo anena kuti geti amakhoma 9 koloko usiku.

Mkulu wa ku 18B:

Mayi, nkhani ya geti muithetse musanalowe, osati mutalowa. Mupemphe kiyi yanuyanu ndipo zimenezo zilembedwe mumgwirizano, chifukwa ntchito ya ku ofesi nthawi zina imachedwetsa munthu, ndipo n'zochititsa manyazi kuti munthu wamkulu wolipira lendi azigogoda pageti ngati mwana wothawa pakhomo. Za madzi mugwirizane kugawana bilu powerenga anthu a nyumba iliyonse, osati pakati ndi pakati, popeza inu muli awiri pomwe iwo ali ndi zidzukulu zochapiridwa tsiku lililonse, ndipo mupemphe kuti bilu yeniyeniyo muziiona ndi maso anu mwezi uliwonse. Mufunsenso za alendo, za malo oyanika zovala ndi za amene amasesa pabwalo, chifukwa mikangano ya mumpanda umodzi imayambira pa tinthu totere. Miyezi itatuyo ndi chizolowezi cha mzinda uno, koma mungathe kupempha kuti ikatha yoyambayo muzilipira mwezi ndi mwezi, ndipo amayi achikulire ambiri amavomera akaona kuti munthu ndi wapantchito yodziwika. Mufunsenso kuti amene anatuluka m'nyumbamo anakhalamo nthawi yaitali bwanji ndiponso anachokeranji. Ngati n'kotheka mumupeze yekha mumve kwa iye. Mng'ono wanu mumuuze kuti kuchokera pamphambano ya ku 18 kupita ku Gulliver kapena ku Gateway ndi ulendo waufupi, ndipo Loweruka azikacheza kumeneko masana. Ambulera yolimba mugulire ku Limbe musanasamuke, chifukwa njira ya ku Capital Hill ili ndi malo ochepa obisalira mvula.